Maenje a Agogo Chisonga

Ababa, mwagona tsopano. Dzulo tinakuikani, lero tameta, ndipo moto wa pamaliro anu ndi uwu ukutha, zatsala zikuni zokha. Munkati nkhani ya agogo athu a Chisonga isamagone m'kamwa mwa munthu mmodzi. Munandiuza ine mutu wanu usanayambe kutayika, ndiye ndiinena pano dzuwa likadalipo, anthu asanapinde mphasa kubwerera kwawo. Inu mverani komweko. Ndikalakwitsa mudzandikonza ndikadzabwera. Inu otsala, senderani kuno.

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu usanadutse, munali munthu wina dzina lake Chisonga. Sanali mbadwa ya muno ayi. Anali mkamwini wochokera kutsidya kwa dambo, anadzakwatira Namwale, mayi woumba mbiya.

Mkamwini mukumudziwa. Amalima munda wosakhala wake, amabereka ana, anawo nkukhala a atsibweni awo. Ndipo poti mbale sakumba manda a mbale wake, akamwini ndiwo anali adzukulu, okumba manda. A Chisonga anakumba. Anakumbira apongozi awo, anakumbira makanda, anakumbira ofa ndi nthomba amene ena ankaopa ngakhale kuwayang'ana. Manda akale onse ali m'msitu umo, mukuganiza anakumba ndani? Khasu linali lomwelo.

Panali ntchito inanso imene anthu sankaidziwa. Namwale anali wodwala msana, ndiye mtapo, dongo lija loumbira mbiya, ankamukumbira ndi mwamuna wake. Imeneyi ndi ntchito ya amayi. Amuna anzawo akanamva akanawaseka mpaka pamowa, choncho ankapita mbandakucha, nkubwera nawo atauphimba ndi udzu ngati atenga zofolerera. Amene ankadziwa ndi mwana wawo wamkazi, Nyamazawo, chifukwa ali wamng'ono ankawalondola. Nyamazawo ameneyu ndiye tsinde lathu tonse takhala panofe. Anali ndi mlongo wake, dzina lake Tsilizani.

Namwale anamwalira onse atamera imvi. Nyumba yake anaigwetsa monga mwa mwambo, a Chisonga nkukakhala m'kanyumba kuseri kwa Nyamazawo. Apo ndi pamene nzeru zinayamba kuwachoka. Sizichoka tsiku limodzi nzeru, zimachoka ngati madzi m'mtsuko wong'aluka. Lero aiwala kumene aika fodya. Mawa aiwala kuti adya. Mkuja afunsa, "Iwe, amako apita kuti?"

Nyamazawo anawayankha zoona. "Ababa, amayi anamwalira."

Nkhalamba inalira ngati uthenga wafika kumene. M'mawa mwake inafunsanso, anaiuzanso, inaliranso chimodzimodzi. Kodi munthu angaike mkazi wake m'manda kangati? Nyamazawo anaona kuti akuwapha tsiku ndi tsiku ndi choonadi chakecho, ndipo anasintha.

"Amako apita kuti?"

"Apita kumadzi, ababa."

"Achedwatu."

"Achedwadi."

Basi, nkhalamba nkukhala phee, kuwotha dzuwa.

Kenaka anayamba kukumba. Tsiku lina kutacha, anthu anapeza dzenje kuseri kwa nkhokwe ya Tsilizani, lofika m'chiuno, makoma ake owongoka bwinobwino. Manja amene akumba manda moyo wonse sadziwa kukumba kwina. Anthu analikwirira. Linapezeka lina pafupi ndi khola, lina m'mphepete mwa bwalo. Akafunsidwa ankangoti, "Sipano," nkunyamula khasu. Mwezi usanathe, mwana wa Tsilizani anatentha thupi, nkumwalira. Mukudziwa kale zimene zinayamba kunong'onedwa pamtondo. Mdzukulu wokumba manda munthu asanafe akuitana chiyani?

Nyamazawo sanagone nazo. M'mawa wina anawalondola ngati kale ali mwana, nkubisala kuseri kwa nthochi. Anawaona akukumba. Anawaona akutapa dothi la pansi penipeni, kulilavulira, kulipota m'manja ngati chingwe, kulikulunga pachala. Dothi linathyoka. Anapukusa mutu nkuti, "Sipano." Nyamazawo anazindikira pomwepo, chifukwa mayesedwe amenewo ankawadziwa.

Mwini mbumba anali a Kaphesi, mlongo wake wa malemu Namwale. Sanali munthu waukali. Anali wosekaseka, wa mawu ofewa, woti akukulanda nsalu iwe nkumathokoza. Anaitanitsa mbumba yonse pansi pa mtengo, a Chisonga nawo anawakhazika pamenepo.

"Ana anga," anatero a Kaphesi, "pano palibe akuthamangitsa munthu. Mowa wa maliro a mlongo wanga tinamwa kale. Chatsala ndi kusudzula alamu angawa, tiwamasule abwerere kwawo. Tambala wobwereka, thadzi likafa, amabwezedwa kwa eni ake. Ndanama?"

"Atsibweni," anatero Nyamazawo, "kwawoko anachoka tsitsi lili bii. Mano awo onse athera muno. Akawadziwa ndani?"

"Magazi amadziwana, mwana wa mlongo wanga."

"Si manda akukumbawa. Akufuna mtapo. Ankawakumbira amayi, ine ndinkaona. Akuyesa amayi akadali moyo."

Tsilizani anaseka, koma maso ali ofiira. "Mtapo, mwamuna? Mtapo kuseri kwa nkhokwe yanga? Achemwali, inu ana anu ali moyo, ndiye mutha kupeka nthano. Wanga ali m'msitu umo."

"Ndi atate ako awa, Tsilizani."

"Ine mwini wanga ndi atsibweni."

Nthawi yonseyi a Chisonga ankangomwetulira, kuyang'ana uku ndi uku. Ataona anthu asonkhana, iwo ali pakati, anayesa ndi tsiku lija anabwera kudzafunsira mbeta. Anawomba m'manja mwaulemu nkuti, "Alamu, musade nkhawa. Ine ndine wolima. Mlongo wanu sadzagona ndi njala, ndipo muno mukadzagwa zovuta, khasu langa ndi lanu."

Ena anaseka. Amayi ena anaphimba nkhope ndi nsalu. Koma mlandu unali utatha kale.

Anawapatsa mphasa yawo ndi khasu lawo. Nyamazawo anasenza kamtolo nkuwatsogolera kuwoloka dambo. Kutsidyako alongo awo onse anali atamwalira. Anawalandira ndi mwana wa mlongo wawo, munthu amene sanawaonepo nkhope. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkuti, "Tinkamva kuti tili ndi atsibweni kutsidya. Nzimbe mwatafuna inu, kuno mwabweretsa makoko?" Komabe anawaloza kachisakasa kosungiramo fodya.

Nyamazawo anayang'ana kachisakasako, anayang'ana atate ake, nkutula mtolo. Sanabwerere. Anasiya mwamuna wake Kaliwo, anasiya ana, anasiya munda. A Kaphesi anatumiza mawu akuti mvula ikagwa iye asanabwere, mundawo apatsa wina. Iye anayankha kuti, "Kawauzeni atsibweni kuti ndamva." Anakhala. Ankawasambitsa, ankawatafunira chinangwa, ankasinjira anthu a kumeneko kuti apeze kaufa. Masiku ena nkhalamba inkamutukwana kuti ndi wakuba, yamubera mkazi. Masiku ena inkamufunsa mwaulemu, "Mayi, ndinu a kuti inu, okoma mtima chonchi?" Iye ankati, "Ndine wa konkuno." Kodi analibe mtima wotopa? Anali nawo. Ankapita kuseri kwa chulu, kulira, kupukuta maso, kubwerera.

M'mawa uliwonse a Chisonga ankanyamula khasu kulunjika kudambo, akuti akupita kwawo. Kwawo kunali kuno, kumene anawachotsa. Nyamazawo ankawatsata, akafika pamalire, pamtengo wa katope uli m'mphepete mwa dambo, nkuwagwira mkono. "Amayi akuti tiwadikire pano." Ankakhala pamenepo mpaka dzuwa kutentha, nkubwerera.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, anafika pakatope paja monga mwa masiku onse. A Chisonga anatsamira mtengo. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, ndipo anamutchula dzina, limene anali asanalitchule chichokere kuno.

"Nyamazawo."

"Wawa, ababa."

"Ukawauze amako kuti ndafunafuna, sindinaupeze."

Anatseka maso, osatsegulanso.

Tsono mverani. Nyamazawo anathamangira kwa abale a kutsidya. Iwo anati, "Kumene anathera mphamvu ndi kumene akagone. Manda athu sakuwadziwa." Anawoloka kubwera kuno. A Kaphesi anamulandira bwino, anamupatsa ndi madzi akumwa, nkuti, "Pepa, mwana wanga. Koma tinasudzula. Wosudzulidwa salowa m'msitu mwathu, ndiponso mlongo wako sangalole agone pafupi ndi mwana wake." Ndipo analetsa akamwini onse kugwira khasu. Munthu amene anakumbira mudzi wathunthu anasowa womukumbira.

Nyamazawo anabwerera pakatope. Anafunditsa atate ake mphasa, anatola khasu lawo lija, nkuyamba kukumba pomwepo. Mkazi sakumba manda. Mwana sakumbira kholo lake. Iye anachita zonse ziwiri, dzuwa lili pamutu. Akamwini anabwera nkuima patali pachulu, manja kumbuyo, Kaliwo mwamuna wake ali pakati pawo. Anakumba, matuza anaphulika. Anakumba, dzenje linafika m'mawondo, linafika m'chiuno, lokhotakhota ngati lokumba nkhumba. Litafika pachifuwa, khasu linasiya kulira. Linangolowa mwakachetechete.

Anawerama nkutapa. Dothi lotuwa, losalala, lozizira. Analavulira, analipota m'manja, analikulunga pachala. Silinathyoke.

Anakhala pansi m'dzenjemo nkuti, "Ababa, tinkakhalatu pamwamba pake tsiku lililonse."

Apo Kaliwo anatsika pachulu. Anaima m'mphepete mwa dzenje, kuyang'ana makoma, nkuti, "Tuluka, mayi. Wapotoza khoma. Madalawa anatiphunzitsa okha, akadzuka atitukwana tonse." Analandira khasu. Anzake anatsika mmodzimmodzi, osayang'anana. Anawongola makoma, anakumba ndi kachipinda ka m'mbali kogonekamo mtembo, monga a Chisonga ankachitira. Asanamange mphasa, Nyamazawo anatenga chibuma cha mtapo nkuwafumbatitsa m'dzanja. "Kawapatseni amayi. Akudikira." Mvula inagwa akukwirira. Ku mbumba ya muno sikunachoke munthu ngakhale mmodzi. Tsilizani anali pakhomo pake, akusema mpini.

Munda anamulanda ndithu. Anabwerera kuno nkumalima kadimba ka mwamuna wake, osadandaula kwa munthu.

Zaka sizinapite zambiri, a Kaphesi anamwalira, m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Uthenga unapita kwa akamwini. Anawapeza atakhala pamthunzi, akuluka nkhokwe. "Pepani," anatero Kaliwo, "makasu athu aguluka mipini." Tsiku linapita. Lina linapita. Amayi olira m'nyumba anayamba kutulukira panja. Tsilizani anayesa kugwira khasu, akuluakulu anamuletsa kuti mbale sakumba. Pamapeto pake anapita kwa mlongo wake, anakhala pansi pakhomo ngati mlendo.

"Achemwali, alankhuleni alamu."

"Ndiwauze kuti chiyani? Atambala obwereka amamva chinenero cha anthu?"



Nyamazawo anamusiya pamenepo kanthawi, kenaka anadzuka kupita kumthunzi kuja. "Kakumbeni," anatero. "Ababa akanakumba. Koma mbumba yonse ibwere kaye pano inene ndi pakamwa pake, inu mukumva." Ndipo mbumba inabwera, inanena. Womera imvi m'mudzi muno sasudzulidwa, kwawo ndi kuno. Nkhalamba ikatayika mutu sitchedwa mfiti, imagwiridwa mkono. Ikamwalira, mwana wake aliyense, kaya ali kutali bwanji, amabwera kudzaponya dothi. Atanena, mipini inalowa m'makasu.

Ndi mwambo umenewo takulira ife. Ndi chifukwa chake amayi athu akamakatapa dongo kudambo, pakatope paja amapalambalala, ndipo amawomba m'manja podutsa. Munthu akayamba kukumba pamene inu simukumvetsa, musathamangire kunena kuti akuitana maliro. Mulondoleni, muone chimene akufuna.

Ababa, inu simunakumbe maenje. Inu munkadzuka m'mawa kukafuna mbuzi zanu zimene zinatha kalekale, kuziitana mayina. Tsiku lina zinakufikitsani m'mphepete mwa manda, anthu nkukupezani pamenepo mutavula malaya. Mawu a ufiti aja ananenedwanso, m'mudzi mwa Nyamazawo momwemuno, ndipo anatuluka ngakhale pakamwa pa magazi anu. Ine kusukulu sindinapite patali, koma dzulo pamanda maso ndinali nawo, ndipo amene anaponya dothi ndinawaona. Anakukumbirani ndi akamwini, ndikuwathokoza, ndi awa akhala apawa.

A Binwelo, mlamu wanu, amene anayamba kunena kuti mukutamba, nyumba yawo ndi iyo ikuoneka denga. Sanabwere. Achemwali a Esinati, amene munagulitsa ng'ombe kuti aphunzire, anatumiza nsalu yoyera pa basi. Sanabwere. Witinesi, mwana wanu winanso, anati ana ake angatengere zimene munali nazo. Sanabwere.

Ndi Lotani, ababa, chitsirizira chanu. Ine amene ndinkakusambitsani munandiiwala dzina, koma lake simunaliiwale. Tsiku lililonse munkafunsa, "Lotani ali kuti?" Ine nkumati, "Ali m'njira, ababa." Inu nkumati, "Wachedwatu."

Lotani sanabwere.