Mayi Amene Anatsuka Mafupa

Panali mayi wina, Nasoko, wodziwika ndi ukhondo. Pakhomo pake ngakhale nkhuku inkachita manyazi kuponda. Akamasankha nyemba, zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha.

Kudera kwawoko kunali kagulu ka anthu okonda kufukula mafupa a nyama zakalekale, mafupa amene anakhalitsa m'nthaka mpaka kusanduka miyala. Sanali akatswiri ayi. Munali telala, mphunzitsi wopuma ntchito, ndi ena angapo. Loweruka lililonse ankatsikira m'chigwembe atanyamula timiswachi ndi timipeni. Nasoko ankawasirira. Atapempha kulowa nawo, mphunzitsi uja, amene anali mkulu wa gululo, anati, "Bwerani mayi, muyambe mwaonerera. Tikaona manja anu tidzakulandirani."

Anamuonetsa chinyama chimene anakhala akuchifukula chilimwe chonse. Mafupa anali mbwee m'dothi, lina uku lina uko, matope okhaokha. Anthu aja ankangopukuta pang'onopang'ono, osanyamula ngakhale limodzi. Nasoko mumtima anati, "Koma abambo awa ndiye aulesi. Chinthu ukuchikonda n'kumachisiya pamtetete chonchi?"

Mawa lake, anzake ali kutchalitchi, anatsika yekha ndi khasu, dengu ndi tsache. Anazula mafupa onse, pamalopo n'kusalaza, n'kusesa. Kunyumba anawakwecha ndi mchenga mpaka mbee, nawayala pamkeka, aakulu paokha, aang'ono paokha. Kenako anaitana anzake aja, mtima uli dyokodyoko kudikira kuyamikiridwa.

Mphunzitsi anayang'ana mafupa aja pamkeka. Anavula chipewa ngati wafika pamaliro.

"Mayi, nyamayi inagona mmene inafera," anatero. "Fupa lililonse linkatilozera linzake limene linalumikizana nalo. Tsopano la khosi ndi liti, la mchira ndi liti?"

"Komatu palibe limene ndataya, aphunzitsi. Taonani, onse ndi awa."

"Mafupa alipo, mayi. Nyama ndiyo palibe."

Nasoko anasenza dengu lija kubwerera kuchigwembe kuti akawaike mmene anawapezera. Anapeza malo osalala, osesedwa bwino ngati pakhomo pake, opanda ndi kadzenje komwe komukumbutsa. Anatula dengu, nakhala pansi. Gululo silinamuitanenso.

Inu amene mwangolowa kumene m'banja muno, atengwa ndi akamwini, mvetsani. Muona amalume awiri osakhalira mphasa imodzi. Muona munda wogona pakati pa minda yolimidwa, ndi mwana wodyera kwa azakhali ake amayi ake ali moyo. Zimenezo zagona mmene zinagwera, ndipo tilipo amene tikudziwa kuti uyu anamuchitira chiyani uyu, nanga anabwezeredwa kapena ayi. Musathamangire tsache. Khalani pansi kaye, mufunse. Chakuda mukhoza kuchitsuka ngakhale mawa, koma chimene mwachizula pamalo pake, mudzasenza nokha dengu lake.