Mankhwala Amene Anaoneka Ngati Ogona

Mumzinda wina munali mayi wina dzina lake Nachanza, ndipo ntchito yake inali yofufuza ndi kupanga mankhwala m'labotale. Mtima wake unali pa matenda ena amene ankatha ana aang'ono. Nayenso anali ndi wake woyamwa kunyumba, amene akangotentha thupi pang'ono, mayiyo chakudya sichinkalowa.

Tsiku lina iye ndi anzake anapeza mankhwala amphamvu. Akawadontheza m'kambale kagalasi momwe munali tizilombo ta matendawo, tonse tinkafa. Koma anali owawa kuposa ndulu, ndiponso ankawotcha m'mimba. Nachanza anadziwa kuti mwana sangawameze, ndipo atati wawameza angawasanze asanafike m'magazi.

Choncho anayamba ntchito yowaveka chovala. Ankatenga kachidutswa ka mankhwala ena n'kukalumikiza pamene panali ukali wa mankhwalawo, monga munthu amalowetsa mpeni m'chimake. Ankafuna kuti adutse pakamwa ndi m'mimba ali chigonere, akafika kuchiwindi thupi liwavule lokha, adzuke, ayambe nkhondo.

Chovala choyamba chinkavuka msanga, ukali uja n'kubwerera. Chachiwiri chinakakamira osachoka. Nachanza sanagwe ulesi. Anasakanizanso, anatenthetsa, anasefa, anaumitsa, mpaka anapeza kaufa koyera kamene anakakhulupirira.

Mkulu wa labotaleyo, a Msosa, anabwera kudzaona. Anasungunula kaufa kaja n'kudontheza m'kambale. Tizilombo tinangopitiriza kusambira ngati palibe chachitika.

"Mayi, mankhwala athu aja anali galu wolusa, koma mwamuzula mano," anatero a Msosa.

Anamuuza kuti ataye ufawo abwerere ku mankhwala akale aja, apo ayi ntchitoyo itsekedwa. Anzake anavomereza, nati kuli bwino owawa ogwira ntchito kusiyana ndi ofatsa ongogona.

Nachanza anachita mantha. Mwina n'zoona wawapha mankhwalawo. Koma atakumbukira momwe mwana wake amakanira supuni, mano ali gwa, mankhwala akuyenderera m'khosi, anadziwa kuti mphamvu yosafika m'thupi ilibe phindu.

"Bwana, kambale kalibe chiwindi. Ndiloleni ndiwayese pamalo pamene ndinawapangira."

A Msosa analola monyinyirika. Nachanza anatenga madzi ofinyidwa kuchokera ku chiwindi cha nyama, anawathira m'kambale muja, n'kudikira. Poyamba panalibe kusintha. A Msosa anasuzumira, anapukusa mutu, anatuluka. Nachanza anakhalabe pampando, diso pa makina oonera tizilombo. Kenaka kachilombo kamodzi kanafooka. Kena kanaima. Posakhalitsa m'kambale monse munali zii. Chovala chinali chitavuka, mankhwala atadzuka. Ntchito ija sinatsekedwe.

Abale ndi alongo, makamaka inu makolo anzanga, fanizoli ndi lathu. Mawu a Mulungu timawaika mwa ana athu titawaveka: m'kanyimbo, m'pemphero la pachakudya, m'malangizo ofatsa. Ukamuyang'ana mwanayo, sakusintha. Akunamabe, akuchitabe makani. Mtima umati leka, kapena umati bwerera ku zowawa zija, kukalipa ndi chikwapu. Koma zowawa mwana amalavula.

Pakhomo panu ndi m'kambale chabe. Tsiku likubwera pamene mwanayo adzakhala kutali, inu kulibe, anzake akumukokera koipa. Pamenepo ndi pamene Mulungu adzavula chovala chija, mawu aja adzadzuka. Inu musataye ufawo. Mawa m'mawa mupatseninso mwanayo.