Pulayala ya Mkamwini

Kuchigwa uko, kumene dzuwa limapsereza ndevu munthu ali m'nyumba, panali munthu wina wokonza ndege, dzina lake a Semba. Si ndege zazikulu zopita kunja zija ayi. Kanali kandege ka mpando umodzi, kopopera mankhwala m'minda ya nzimbe, kouluka m'munsi kwambiri moti atambala ankawerama kakamadutsa.

A Semba anali mmisiri wosati masewera. Ndege ikamadutsa kuseri kwa mitambo, iwo ankangotchera khutu n'kunena kuti bawuti yachitatu ya phiko lamanzere yakhwepa, ndipo zinkakhaladi choncho. Wotsutsa apite akafunse.

Tsono mumve kaye za waya. Ndege ikamauluka imanjenjemera thupi lonse ngati munthu wa malungo, ndipo kunjenjemerako kumamasula mabawuti pang'onopang'ono. N'chifukwa chake bawuti iliyonse yofunika ili ndi kabowo kumutu kwake. Mmisiri amapisa waya m'menemo, n'kumupota ngati chingwe, n'kumumangirira pachitsulo chapafupi mokokera kumene bawutiyo imalimbira. Waya akakhalapo, bawuti singatembenuke. Chopotera chake ndi pulayala yapadera: imagwira waya n'kutsekeka, ukakoka kachitsulo ka kumchira kwake imazungulira yokha, waya n'kumapoteka.

Pulayala ya a Semba inali yakale, yakuda bii, yonyansa poiona. M'kamwa mwake munali mosalala ngati nkhama za nkhalamba. Inkagwira waya osamuluma.

Woyendetsa kandegeko anali Khembo, mkamwini wawo, mwamuna wa Dolika, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene panthawiyo anali woyembekezera. Awiriwa ankalemekezana mopitirira muyezo. Zaka zinayi akugwira ntchito pashedi imodzi, koma sanadyerepo m'mbale imodzi. Akakumana pakhomo, aliyense ankapatukira mnzake mpaka khomo kutsala lokha, ntchito n'kuchedwa.

M'mawa wina a Semba anathira oyilo watsopano mu injini, namanga bawuti yotsekera oyilo ya pansi pake. Kunangotsala waya. Pomwepo Khembo, amene dzulo lake anali kutawuni, anafika n'kugwada, napereka kaphukusi ndi manja awiri.

"Bambo, manja anu avutika nthawi yaitali ndi chakale chija. Ndakubweretserani iyi."

Inali pulayala yopotera waya, yatsopano, ya zigwiriro zofiira, yonyezimira moti a Semba anaonamo imvi zawo imodziimodzi. Anaiyasamulitsa. M'kamwa mwake munali mano akuthwa, ondanda ngati a mcheni. Mtima wawo unati myuu.

Amuna othira mankhwala m'thanki ya ndege anasiya zigubu n'kubwera kudzaona.

"Akamwini otere amawapeza kuti?" anatero mmodzi. "Wanga chibwerere anangondibweretsera njala."

Onse anaseka. Khembo anaimirira pambali, chipewa chili m'manja, akudikira kuona mphatso yake ikugwira ntchito.

Pabenchi panali mapulayala awiri, yakale kumanzere, yatsopano kumanja. Dzanja la a Semba linadziwa kolowera, koma maso a anthu anali pa iwo. Chopatsidwa ndi mkamwini uchikankhira pambali bwanji iye ali pomwepo, anzake akuona? Anatenga yatsopanoyo.

Inapota mofulumira, ndipo waya anaoneka bwino ngati tsitsi loluka la mkwatibwi. Anatseka chivundikiro cha injini nanena kuti, "Zikomo, akamwini." Khembo anakwera, injini inalira, kandege kanayamba kukwawa kupita kumapeto kwa bwalo, kumene kamatembenukira kasananyamuke.

A Semba anali ndi chizolowezi chimodzi. Akamaliza ntchito ankatola tizidutswa tonse ta waya, kuopa kuti kena kangatsalire mu injini. Atatola kachidutswa ka tsikulo, chala chawo chinamva zimene maso sanaone: mabala. Paliponse pamene pulayala ija inagwira, inaluma. Anakapinda kamodzi kokha, kanangoti thyo.

Waya wabwino ungamupinde mpaka dzanja kutopa, sathyoka.

Pomwepo a Semba anakumbukira. Pulayala yomweyo inagwiranso pakati pa waya wa pabawuti ya oyilo, pamene anayambira kupota kachiwiri. Waya wolumidwa akanjenjemera amaduka. Akaduka, bawuti ija imayamba ulendo wake. Ikagwa, oyilo yense amakhuthuka, injini imauma n'kuima, ndipo kandege kodzaza mankhwala, kouluka pamwamba pa nzimbe penipeni, kalibe nthawi yosankha pogwera.

Mtima wawo unagunda mpaka malata a shedi kuyankha. Anayamba kudzinyengerera. Bawuti ija ndaimanga kwambiri, lero lokha singamasuke. Akabwerako ndisintha waya mwakachetechete, palibe adziwe. Koma anakumbukanso kuti lero ndi tsiku la minda yakutali, ya kumtsinje, kutsika n'kuthira mankhwala ena n'kunyamukanso mpaka masana, injini osazimitsa. Anaganiza za Dolika, amene nthawi ngati imeneyo amatuluka panja ndi mimba yake kuti aone ndege ikudutsa pamwamba pa nyumba. Thukuta linatsika mpaka kudzaza nsapato.

Nanga akaimitsa ndege anena chiyani? Kuti mphatso ya akamwini ndi yoipa? Pamaso pa anthu onsewa? Chibadwire sanakwezepo mawu kwa mkamwini wawo.

Kumapeto kwa bwalo kandege kanatembenuka, injini inakweza mawu.

A Semba anathamanga. Munthu wa imvi uja anathamanga liwiro loti chithunzithunzi chake chinatsala m'shedi, chinachita kumutsatira pambuyo chikupuma wefuwefu. Anafika pakati pa bwalo, pamene ndege imadutsa ponyamuka, naima chilili, manja atawapingasa pamwamba pa mutu.

Kandege kanali katayamba kale kuthamanga. Kanabwera, kanabwera, kakukula. A Semba anatsinzina, koma mapazi sanawasunthe. Khembo anaponda mabuleki, fumbi linakwera mpaka kubisa dzuwa, ndipo kandege kanaima pafupi moti mphepo yake inamasula mabatani onse a ovololo ya a Semba.

Injini inazima. Anthu anathamangira komweko, kapitawo wa minda ali patsogolo.

"Madala, mwadya chiyani lero?" anakalipa kapitawo. "Kodi simukuona nthawi? Mphepo ikadzuka sitipoperanso. Mukufuna kufera pabwalo pano kuti tivutike ndi kukunyamulani?"

A Semba anayang'ana kwa woyendetsa.

"Akamwini, tatsikani. Ntchito yanga ya lero ndi yoipa."

Khembo anatsika, nkhope itatuwa. A Semba anatsegula chivundikiro cha injini, napisa kachala kakang'ono pansi pa waya uja, nakoka pang'ono chabe, ngati munthu wochotsa ulusi pamalaya. Waya anaduka.

Onse anasendera pafupi kudzaona.

"Ndiye kuti waya wake ndi wachabechabe?" anafunsa Khembo.

Apa panali pothawira. Akanangovomera, nkhani ikanathera pa waya, ulemu wa aliyense n'kutsala bwinobwino. Koma mawa lake pulayala ija ikanakhalanso pabenchi, mkamwini ataima pambali.

"Waya ndi wabwino," anatero a Semba. "Ndi pulayala ija. Imaluma. Ndinaona mano ake musanadzuke n'komwe pamene munagwada paja."

"Munaona?"

"Ndinaona."

"Osanena?"

"Ndinachita manyazi, akamwini. Munaipereka ndi manja awiri."

Khembo anakhala pansi pa phiko, pa udzu, akuyang'ana kachidutswa ka waya kali m'dzanja la apongozi ake. Kenaka anayankhula motsitsa mawu.

"Bambo, manyazi anuwo akanametetsa mwana wanu mpala, khanda lisanabadwe."

A Semba anawerama.

Tsono inu amene mukuphunzira kugwira zitsulo, mwamva. Ine mapulayala ndaona ochuluka kuposa tsitsi la m'mitu yanu nonse kuphatikiza, ndipo ndikuti musasankhe ndi maso. Pisani chala m'kamwa mwake. Gwiritsani pa kachidutswa ka waya, muchotse, mupapase, mupinde. Ikasiya bala, ikani pansi, kaya yachokera kwa bwana, kaya kwa malume, kaya kwa munthu wogwada. Akale anati manyazi anapha lambe, koma pantchito ngati iyi manyazi anu amapha wina, amene wakukhulupirirani n'kukwera m'mwamba. Nenani msanga, ndege ikadali m'shedi. Mkamwini wokhumudwa mudzamupepesa mawa. Wa m'bokosi simungamupepese.