Nkhumba Yoyera ya Bambo Levi

Chilimwe cha ku Lisasadzi sichinyengerera munthu. Dzuwa likangokwera, minda ya fodya yomwe yangotsala mapesi imatentha ngati chiwaya, ndipo woweta wanzeru amamaliza ntchito zake mthunzi usanafupike. Bambo Levi Chunga atapuma ntchito ya mu ofesi ku Kasungu Boma, anabwerera kumudzi kuno ndi akazi awo, mayi Fainess, n'kuyamba kaulimi kongosangalatsa mtima: mbuzi zingapo, nkhuku, kadimba ka mpiru, ndi khola la nkhumba lomwe ankalinyadira kuposa nyumba yogonamo.

M'mawa uliwonse mayi Fainess ankatunga madzi pamjigo, kuthirira mpiru ndi kutsekulira nkhuku. Mbuzi ankangozitayirira, poti m'minda munalibe mbewu. Bambo Levi ankapala ndowe m'khola, kusakaniza madeya ndi kamchere, kenako kuwaza nkhumba madzi pamsana kuti zisalefuke ndi kutentha. Zinali zonenepa, zoyera bwino, moti odutsa ankaima kuti azione.

Loweruka lina panafika mlendo pa njinga yamoto, atamangirira kumbuyo nkhumba yamphongo. Inali yoyera mbee, yaitali msana, matako ngati maungu. Mtengo umene mlendoyo anatchula unali wotsika modabwitsa. Mtima wa bambo Levi unalumpha.

Mayi Fainess anawakokera pambali. "Bambo a Princess, munthu angataye chuma chotere motchipa chonchi popanda chifukwa? Kutchalitchi anthu akunena kuti kumidzi ina nkhumba zikufa ndi chigodola. Mwamufunsa kumene yachokera?"

"Mayi a Princess, chiweto chodwala chimaoneka ndi maso. Taonani msanawo!"

"Chabwino, gulani. Koma muitsekere kaye payokha m'chigafa cha fodya chija, tiione kwa masabata angapo."

Bambo Levi anaseka. "Bwana ngati uyu agone m'chigafa? Akazi ake akumudikira m'kholamu."

Tsiku lomwelo nkhumbayo inalowa m'khola, n'kudya mbale imodzi ndi zinzake. Mlendo uja analiza njinga yake, fumbi kobo, osasiya ngakhale dzina.

Kunyada sikukhala m'nyumba, kumafuna mboni. Bambo Levi anayamba kuitana aliyense kuti adzaone mbewu yatsopano. Pafupi nawo pankakhala mayi Feliya, mayi wamasiye yemwe anali ndi nkhumba ziwiri zazikazi, zomwe zikaswa ankagulitsa tiana take kuti apeze feteleza wa chimanga. Bambo Levi anawauza kuti, "Amayi, lekani kuvutika ndi tinkhumba takuda tosakula. Ndikubwerekani yamphongo yangayi ikwere zanuzo, ulere." Mayi Feliya anathokoza akuwomba m'manja, ndipo bambo Levi anaikusa okha mpaka kukhola la mayiwo. Inagona kumeneko, n'kubwerera kwawo mawa lake.

Sabata isanathe, yamphongo yoyera ija inakana madeya. Inangogona pakona, ikupuma mwabefu, makutu atafiira ngati apsa ndi moto. Bambo Levi anati ndi dzuwa chabe, n'kuithira madzi ochuluka. Kutacha anaipeza itauma gwa. Kenako zinzake zinayamba kudzandira, kuunjikana pamodzi, n'kumagwa imodziimodzi. Mlangizi wa ziweto atabwera sanachedwe kunena. "Ichi ndi chigodola, bambo. Chilibe mankhwala. Musadye nyamayi, musagulitsenso. Kumbani dzenje lakuya mukwirire zonse, ndipo kholali likhale lopanda kanthu kwa nthawi yaitali."

Bambo Levi anakumba dzenjelo dzuwa lili paliwombo, nthaka itauma ngati mwala, matuza akuphulika m'manja. Mayi Fainess sananene kuti paja ndinanena. Ankangobwera ndi madzi akumwa, n'kugwira nawo miyendo ya nkhumba pozikokera kudzenje. 

Akukwirira yomaliza, bambo Levi anaona mayi Feliya akubwera pang'onopang'ono, manja kumsana. Mayiwo anakhala pansi chapatali, n'kunena motsitsa mawu, "Abambo, zanga zija zapita zonse ziwiri. Mvula ili pafupi. Sindikudziwa kuti chimanga ndichidyetsa chiyani chaka chino."

Khasu linawapulumuka bambo Levi. Za khola lawo akanatha kuzipirira, poti kwa iwo ulimi unali wongokometsera ukalamba. Koma apa anali atalowetsa njala m'nyumba ya mwini, ndi manja awo omwe, akumwetulira.

Sanangopepesa ndi mawu okha. Madzulo mbuzi zitabwerera, anasankha ziwiri zazikazi zabere, zomwe zinali zabwino koposa zonse, n'kuzimanga zingwe. Mayi Fainess anagwira chingwe chimodzi, iwo china, ulendo wa kwa mayi Feliya.

"Amayi, matendawa ndinabwera nawo ndine," anatero bambo Levi atavula chipewa. "Izi si nkhumba, koma landirani, mugulitse kapena muwete, mmene mungaonere."

Mayi Feliya anaziyang'ana mbuzizo nthawi yaitali asanalandire zingwe. "Zikomo, abambo. Koma zigone kaye pazokha kuseri uku, ndizione bwino."

Bambo Levi anagwedeza mutu, manyazi ndi kumwetulira zitasakanikirana. "Mwachita bwino, amayi. Mukanakhala inu tsiku lija, bwenzi tonse tili ndi nkhumba."

Pobwerera anadutsa pakhola lawo, lomwe linali zii, ntchentche zokha zikulira. Nkhumba yokongola kuposa zonse zomwe anaziwetapo ndi imene inapululutsa makola awiri. Akuluakulu sananame pamene anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.