Gweru la Bambo Pyo

Bambo Pyo Man-sik, eni kalesitilanti ka msuzi wa nsomba pamsika wa ku Mokpo, sankaopa namondwe kapena chidakwa. Chimene ankachiopa chinali chimodzi chokha: mpando wa dokotala wa mano.

M'mawa wina akudula anyezi, akazi awo, Mayi Ok-ja, anayala mapepala awiri patebulo.

"Bambo a Hye-rin, mano athuwa akalamba. Inshuwaransi ilipo ya mitundu iwiri. Iyi amayamba akuyezani m'kamwa, ndipo imagwira ntchito tsiku lomwelo. Inayi sayeza, mumangoyankha mafunso pafoni."

"Yapafoniyo ndiye yanga."

"Koma mufunsitse. Chinthu chophweka chonchi sichilephera kukhala ndi mchira."

"Ine ndikayasamule ngati nsomba yapambedza pamaso pa munthu wachilendo? Pitani nokha."

Masana a tsiku lomwelo Bambo Pyo anaimba foni. Mtsikana wa kukampani atayamba kuwerenga malamulo, iwo anali atapana foni ndi phewa, uku akutakasa mphika. "Eya, eya, mwana wanga, ndamva," ankatero, osamva kanthu. Mayi Ok-ja anakayezetsa, nabwera tsaya litachita dzanzi, ndipo amuna awo anawaseka mpaka kutsokomola.

Patatha miyezi iwiri, mwana wawo Hye-rin anabwera ndi uthenga wokoma: makolo a bwenzi lake, a banja la Seok, afika Loweruka kuti mabanja awiri aonane koyamba. Lachinayi, Bambo Pyo ali m'chimwemwe chomwecho, analuma switi ya chimera, yolimba ngati mwala, yomata ngati ulimbo. Thyo! Dzino lakutsogolo linatsalira momwemo.

Anathamangira foni.

"Pepani bambo," anatero wa kukampani uja. "Yanuyi imayamba kulipira pakatha miyezi itatu. Ndipo dzino loikirira, zaka ziwiri zisanakwane, timalipira theka lokha."

"Bwanji simunanene?"

"Tinanena, bambo. Munati mwamva."

Mayi Ok-ja anawachonderera kuti akaikitse dzino longoyembekezera, koma mwamuna anauma gwa. "Ndingotseka pakamwa. Ndi maola awiri okha."

Loweruka mabanja awiriwo anakumana m'chipinda chapadera cha lesitilanti ina, nawerama mwaulemu. Bambo Seok, mphunzitsi wopuma ntchito, anali munthu wa nthabwala. Anayamikira Hye-rin, Bambo Pyo anati, "Mm." Anafunsa za malonda, "Mm." Anaponya nthabwala imene inaseketsa ngakhale woperekera zakudya, koma Bambo Pyo anangofinya milomo ngati munthu amene wamwa mankhwala owawa. Nyama yowotcha inazizira patsogolo pawo.

Potsiriza Bambo Seok anaika timitengo todyera pansi, nkhope itagwa.

"A Pyo, ngati mwana wathu sanakukomereni m'maso, nenani. Ife si anthu okakamiza."

Bambo Pyo atacheuka anaona misozi ikulengeza m'maso mwa mwana wawo, ndipo manyazi onse anathawa. Anadzambatuka.

"Ayi, asewere! Si choncho! Si choncho m'pang'ono pomwe!"

Mawuwo anatuluka ndi kalikhweru, gweru lili poyera ngati khomo losatseka. Mayi Seok anayesa kubisa nkhope m'kansalu, koma phwete linawapulumuka, ndipo tebulo lonse linagwa nacho chiseko.

"Ndiye thukuta lonseli ndatuluka chifukwa cha kazenera aka?" anatero Bambo Seok, akupukuta misozi. "Ine ndimati mwatiyesa amphawi!"

Mayi Ok-ja anafotokoza nkhani yonse, osasiyako ndi kamodzi komwe, amuna awo akungokanda m'mutu. Bambo Seok anaitanitsa phala la mpunga la asewere awo, ndipo tsiku la ukwati analigwirizana asanadzuke.

Lolemba Bambo Pyo anakhala pampando wa dokotala wa mano uja, atagwiritsa m'mbali ngati ali m'boti pa mafunde. Dzino analilipira okha, ndipo ulendo wokawedza kuchilumba cha Jeju umene anaukonzekera chaka chonse unathera m'kamwa. Koma dokotala asanagwire chitsulo, iwo anakweza dzanja.

"Taimani kaye, adokotala. Ichi n'cha chiyani? Nanga icho? Zitenga masiku angati?"

"Mafunso mwawatola kuti lero?" anaseka Mayi Ok-ja ali pakhomo.

"Ndawagula, mayi a Hye-rin. Ndipo ndi odula."

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.