Filimu Imene A Kwenda Sadaionere

Pakhonde pa golosale ya a Overton Kwenda, pa Kabudula, padali benchi yaitali imene anthu ankaitcha khoti. Lamulungu lililonse Misa ikatha, amuna ankadzazana pamenepo kuweruza mafilimu. Sindikunena kuonera ayi, kuweruza. Wailesi ikangolengeza kuti filimu yakutiyakuti yalandira mphoto kunja uko, a Kwenda ankavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, kenaka n'kugamula.

"Imeneyo? Yosayenera ngakhale pang'ono. Maola atatu munthu akungosuzumira pawindo, eti n'kumupatsa chikho!"

"Kodi mudaionera, akuluakulu?" wina ankafunsa.

"Ndikaionerenji? Mphwanga wa mutauni adandifotokozera yonse."

Anthu ankaseka, mkangano n'kupitirira: iyi idaba mphoto, iyo idagula oweruza, inayo bola pang'ono. Palibe ankapwetekedwa nazo, poti eni mafilimuwo sankadziwa n'komwe kuti padziko pano pali Kabudula. Koma lidafika tsiku loti pakamwa pomwepo pagamule za mwana wa munthu, wa pafupi pomwepa.

Ndinene zoona, a Kwenda sadali munthu woipa. Adali ndi esiteti ya fodya kuseri kwa dambo, yokhala ndi mabanja asanu ndi anayi a matenanti ochokera ku Phalombe ndi ku Mulanje. Adalinso wapampando wa khonsolo ya parishi. Kuesitetiko sankapondako kawirikawiri. Zonse, kuyambira feteleza mpaka phoso la chimanga limene matenanti ankalandira mwezi ndi mwezi, zidali m'manja mwa kapitawo wawo Patson, yemwe adalinso mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo.

Chaka chimenecho bungwe lina la mumzinda lidabwera ndi mpikisano. Achinyamata a m'parishi adauzidwa kuti ajambule mafilimu afupiafupi a moyo wa kwawo. Oweruza adachokera ku Lilongwe, adaonetsa mafilimuwo m'holo ya parishi, n'kupereka mphoto zitatu. Wachiwiri ndi wachitatu adalandira zikho. Woyamba yekha ndiye adapatsidwa chinthu chenicheni: malo a chaka chathunthu pasukulu yophunzitsa kujambula mumzinda, chakudya ndi pogona zaulere.

Ndipo woyambayo adali Talandira, mwana wa a Isaac, tenanti wa a Kwenda.

Mtsikanayu adakhoza bwino Folomu 4, koma zaka ziwiri zidatha akusoka fodya m'chigafa pamodzi ndi amayi ake. Filimu yake adajambula ndi foni yong'aluka galasi, ochita sewero ali matenanti anzake. Malo a kusukulu aja adali khomo lokhalo limene lidamutsegukirapo chibadwire. Chidatsala n'chimodzi: kalata yosainidwa ndi wapampando wa khonsolo, yovomereza kuti filimuyo ipite m'dzina la parishi. Kalatayo inkafunika kufika Loweruka.

Ndiye pa Kabudula padabuka fumbi. Kelvin, mwana wa wabizinesi wina wa patauni, yemwe adakhala wachiwiri, adakadandaula kukhonsolo. Iye adabwereka kamera ya maukwati, adavala masuti, adaikamo ndi nyimbo. Angagonje bwanji kwa obwera? Bambo mfumu adali kumbindikiro sabata imeneyo, choncho khonsolo idagwirizana kuti wapampando, amene tsiku lachionetsero adali ku okushoni ya fodya, aonere mafilimu atatuwo kwa aphunzitsi a Thoko, osunga zinthu za achinyamata, ndipo Lachisanu apereke chigamulo.

Lachinayi m'mawa mayi Sabina, akazi a Kwenda, adawakumbutsa amuna awo.

"Bambo a Jessie, paja mupite kwa aphunzitsi lero. Ine tsiku lija ndidali kumaliro ku Nambuma, sindikudziwa zili m'menemo, koma akuti iliyonse ndi mphindi makumi awiri basi."

"Mayi, lole ikubwera mawa kudzatenga mabelo. Ndisiye mapepala a fodya, ndikakhale pansi ngati mwana kuonera zidole? Ndatuma Patson."

"Patson ndiye wapampando?"

"Patson ali ndi maso ngati ine ndemwe."

"Maso ali nawo," adatero mayiwo akupukuta kauntala, "koma amene akasaine ndinu. Ndi tsogolo la mwana wa eni ake limeneli."

A Kwenda adangokweza wailesi.

Dzuwa litapendeka, Patson adatulukira akupukusa mutu, nkhope ili gwaa. Adakana ngakhale mpando.

"Alamu, ziwirizo zilibe vuto. Koma ya mwana wa Isaac, ha! Ndachita manyazi ine. Akutukwanani."

"Ine?"

"Nanga ndani? Muli mwini esiteti wa magalasi, wa golosale, mkulu wa kutchalitchi. Matenanti akufa ndi njala, iye ali phee pakhonde. Dzina lokha ndilo sadatchule. Ikakafika ku Lilongwe imeneyo, a nyuzipepala adzakupezani pompano."

A Kwenda adapsa mtima. Iwo amene chaka chatha adanyamula mkazi wa Isaac pagalimoto yawo kupita naye kuchipatala! Zoona kuyamika kwake n'kumeneku? Mayi Sabina adayesa kunena kuti, "Pitani mukadzionere nokha, dzuwa likadalipo," koma adayankhidwa kuti munthu sapita kukaonerera akumutukwana.

Lachisanu holo idadzaza mpaka m'mawindo. Matenanti adakhala kumbuyo, zipewa zili m'manja. Patson adakhala kutsogolo, pafupi ndi tebulo la wapampando, atapinda mwendo, maso ake akuyendayenda pa anthu a kumbuyowo mmodzimmodzi.

Kelvin ndiye adayamba. "Akuluakulu, tisanamizane. Pa mafilimu atatu amene adalandira mphoto, yosayenera kwambiri ndi yoyambayo. Chithunzi chikugwedera ngati wojambula ali ndi malungo. Mphepo ili fuu, mawu osamveka. Pakati pa nkhani tambala akulira! Ndiye ikaimire parishi yathu imeneyo?"

"Yanu ija munthu adafa kawiri," adaponya mawu mayi wina, anthu n'kuseka.

"Nanga yachitatu?" adatero mkulu wina. "Ija ndi ulaliki chabe, si filimu. Ngati pali yolanda chikho, ndi imeneyo."

Phokoso lidakula, aliyense akukokera kwake. Aphunzitsi a Thoko adaimirira. "Zoona, ya Talandira ikugwedera. Koma tsiku lija itatha, holo yonseyi idangoti zii, ena akupukuta misozi. Bambo wapampando, ndikuona ngati pali zina zimene simudamve bwino. Filimu ija sikunena kuti mwini esiteti..."

"Mwaonatu, alamu?" Patson adadula. "Adapangana. Akufuna akuphimbeni m'maso."

A Kwenda adamenya tebulo. "Aphunzitsi, khalani pansi! Zimene zili m'filimu imeneyo ndikuzidziwa."

Apo Talandira adadzuka kumbuyo kuja. Bambo ake adamukoka chitenje, koma iye adayenda mpaka kutsogolo, n'kugwada, foni ili m'manja onse awiri.

"Pepani bambo, ndifunse nawo. Kodi mwaionera?"

Anthu ambiri m'holomo adaionera, ndipo ankadziwa chimene mtsikanayo sakanatha kutchula pamaso pa kapitawo, poti mabelo a bambo ake adali asanapite kumsika. Onse adayang'ana pansi.

"Ukundifunsa ine?" adatero a Kwenda.

"Ili m'fonimu, bambo. Ioneni pompano, anthu adikira. Mukaipeza yoipa, ine sindidzalankhulanso."

Akadangotambasula dzanja! Koma munthu wamkulu akafunsidwa ndi mwana pagulu funso limene yankho lake ndi lochititsa manyazi, kawirikawiri amasankha ukali.

"Mwana iwe, ulibe mwambo. Wadya zanga, wakulira pamalo panga, lero ukandiyalutse ku Lilongwe? Filimu yako sidayenere mphoto, ndipo dzanja langa silisaina. Kupita Kelvin. Tatha!"

Talandira adakhalabe chogwada kanthawi, ngati sadamve. Kenaka adadzuka, n'kutuluka osalira. A Isaac adamutsatira, mutu uli pansi. Loweruka kalata idapita ndi dzina la Kelvin.

Fodya atatha kugulitsidwa, matenanti adayamba kumanga akatundu monga mwa chaka chilichonse. A Isaac adabwera kugolosale kudzatsazika, adagwada pakhomo mwaulemu wonse, n'kunena kuti chaka chamawa asawawerengere. Tsiku lomwelo mabanja ena asanu adanena mawu omwewo. A Kwenda adadabwa. Ena mwa anthu amenewa adakhala nawo zaka khumi.

"Ndi mwana uja wawasokoneza mitu," adatero Patson.

Mayi Sabina ndiwo adatopa nazo. Tsiku lina masana adachokera kwa aphunzitsi, adatseka chitseko cha golosale makasitomala ali panja, n'kuika foni yawo pakauntala.

"Bambo a Jessie, ine ndaionera. Lero muionera, mufune musafune. Mukakana, ndikukwera basi ya kwathu."

A Kwenda adayang'ana nkhope ya akazi awo, ndipo adaona kuti si nthabwala. Adavala magalasi.

Chithunzi chinkagwederadi. Mphepo inkalira, tambalanso adaliradi. Koma posakhalitsa a Kwenda adasiya kuziona zimenezo. Adaona azimayi ali pamzere ndi matumba, tsiku la phoso. Adaona kapitawo wa m'seweromo akuwayezera chimanga ndi ndowa, akukuwa kuti, "Abwana alamula, wodandaula anyamuke!" Kenaka chithunzi chidasendera pafupi, dzanja la mwana lidatembenuza ndowa ija, ndipo pansi pake padali pokhomedwa ndi hamala, potumphukira m'kati, moti ndowa yooneka yodzaza inkadya gawo la banja lililonse. Chotsalacho kapitawo ankakweza panjinga kupita nacho kumsika.

Mwini esiteti adalimodi, wa magalasi. Koma sadali chilombo ayi. Adali munthu wachifundo, wonyamula odwala pagalimoto yake, amene matenanti ankamudalitsa. Kungoti nthawi iliyonse akafuna kumufikira, ankawabweza ndi mawu amodzi: "Kauzeni kapitawo, adzandiuza." Filimuyo idathera pa mayi wokalamba atayang'ana kumsewu, akuti, "Tsiku limene abwana adzabwere okha, tidzapuma."

Chimene chidawaumitsa pakamwa a Kwenda ndi ndowayo. Idali yobiriwira, chogwirira chake chomangidwa ndi waya, ndipo pambali pake padali zilembo ziwiri za penti yoyera zimene adalemba ndi dzanja lawo iwo eni.

Adaliza galimoto mpaka kuesiteti, adathyola loko wa nyumba yosungiramo chimanga, n'kuipeza ili pakona. Adaitembenuza. Chikhatho chawo chonse chidalowa m'dzenje la hamala lija.

Patson adafika akuthamanga. Ataona ndowa m'manja mwa alamu ake, adaima chapatali.

"Alamu, ndifotokoze..."

"Wafotokoza kale," adatero a Kwenda. "Siya makiyi pansipo."

Kuchotsa kapitawo kudali kosavuta. Ali chiimire pomwepo, a Kwenda adaimbira a bungwe lija kuti padachitika cholakwa, kalata ilembedwenso. Mayi wa ku ofesiyo adawamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha mofatsa kuti malo adali amodzi, maphunziro adayamba masabata asanu apitawo, ndipo mpikisanowo udali wa chaka chimodzi chokha. Adawonjezera kuti oweruza adadandaula kwambiri, chifukwa mwana ngati uja sapezekapezeka.

Padatenga masiku atatu kuti apeze nambala ya munthu woyandikana ndi a Isaac ku Phalombe.

"A Isaac, ndine Kwenda. Ndaionera filimu ija. Ndidalakwa, bambo, ndidalakwa kwambiri. Mwanayo ali pafupi?"



"Kulibe, bwana. Adapita ku Limbe, akugwira ntchito ya m'nyumba. Foni ija adasiyira mng'ono wake, akuti zojambula adathana nazo."

"Nanga bwanji simudandiuze za ndowayi zaka zonsezi?"

"Tidabwera katatu, bwana. Mudatibweza kwa kapitawo." A Isaac adapitiriza ndi mawu otsika. "Mwana uja za mphoto sankaziganiza n'komwe poyamba. Ankati, 'Ababa, abwana amakonda za mafilimu. Pakamwa pathu sangatimvere, koma filimu adzaonera.' Adajambulira inu, bwana."

A Kwenda adakhala pathumba la chimanga, foni ikadali kukhutu, ndipo munthu wamkulu uja adalira ngati mwana. Mwana wa eni ake adawakonzera mphatso, iwo n'kutuma wakuba kuti akailandire. Akuluakulu sadaname: kandimverere adakanena za m'maluwa.