Bokosi la a Zidebe Linagogoda Khomo ndi Khomo

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, anthu asanayambe n'komwe kuutchula kuti lokeshoni, munali munthu wina dzina lake Thombozi, agogo awo a bambo anga. Munthu wamakani! Mukati kumanja, iye kumanzere. Mvula ikukhuthuka, iye amvekere, "Kwacha bwino lero." Ntchito yake inali yochapa ndi kusita zovala za amwenye ku Limbe.

Muno munalibe mwini. Aliyense anachita kubwera kudzasaka ntchito: uyu wa ku Mulanje, uyu wa ku Nsanje, uyu wa ku Mangochi, uyu wa kumpoto kwenikweni. Nyumba zinali pamzere, khomo kuyang'anizana ndi khomo, koma moni? Aa! Moni ankasungira akwawo. Nyumba ya mnzake ikamapsa, munthu ankangothamangira kukaanula zovala zake kuti zinganunkhe utsi. Mukuseka? Ndikunama ine?

Kumapeto kwa mzere kunkakhala mkulu wina wokhoma zidebe. Dzina lake palibe ankalidziwa, ankangoti a Zidebe. Tsiku lonse ngwe! ngwe! ngwe! Ndiye tsiku lina kunangoti zii. Mawa lake zii. Kenaka ntchentche zinayamba kuchita msonkhano pazenera.

Thombozi kukankha chitseko, anapeza munthu anauma kale, nyundo ili m'manja.

Anayamba kuyenda m'makomo. "Odi kuno! Kwagwa zovuta kumapeto uku."

Abiti Sanudi, mayi wogulitsa zitumbuwa, anayankhira pazenera ndi kamawu kawo ka m'mphuno: "Pepanitu achimwene, koma ameneyo si wathu. Ankapemphera kuti kodi?"

A Zuze, ogulitsa nyama ya mbuzi, chimimba uko, mawu ngati ng'oma yonyowa: "Iwe Thombozi, ine ndimanyamula mitembo ya mbuzi basi. Ameneyo akaidi adzamtola."

"Adzamtola liti?"

"Akadzamva fungo."

Khomo lililonse yankho lomwelo: si wathu, si wathu, si wathu. Makani a Thombozi anadzuka. Anakhoma bokosi ndi matabwa a mabokosi a tiyi. Anasambitsa mtembo yekha, n'kuuveka malaya ositasita a mwenye wina, amene ndikhulupirira adzukulu ake akuwafunabe mpaka lero. Anakakoka anyamata atatu, Kamwendo ndi anzake awiri, pamalo omwera kachasu, anakumba manda m'mawa, dzuwa litafika paliwombo n'kusenza bokosi.

Tsono mverani. Njira ya kumanda imatsikira kudambo, si choncho? Bokosi linakhotera kumtunda.

"Iwe Kamwendo, waledzera, ukutikokera kuti?"

"Si ine, a Thombozi! Likukoka lokha!"

Anati alitule pansi. Kutula? Linali litamatirira pamapewa ngati lamera pomwepo. Mphepo inaima. Agalu onse analowa kunsi kwa nkhokwe, nkhuku zii. Kamwendo atayang'ana pansi, mowa wonse unamthera: onyamula anali anayi, koma zithunzithunzi pansi zinali zisanu.

Bokosi linawayendetsa mpaka pakhomo la Abiti Sanudi. Linabwerera pang'ono m'mbuyo ngati nkhosa yofuna kugunda, kenaka ndi kumutu kwake, gu! gu! gu! N'kudikira.

"Ndani?" kamawu kaja.

Gu! gu! gu!

Mayi uja kutsegula, anakumana nalo maso ndi maso. Zitumbuwa mbwee! Anangomanga mpango kumutu, n'kuima kumbuyo kwa bokosi. Pomwepo bokosi linatembenuka, ulendo khomo lotsatira.

Gu! gu! gu! Atuluke munthu mmodzi, lipitirire. Gu! gu! gu! Atuluke wina, lipitirire. Silinadumphe khomo. Silinabwereze khomo. Ndipo kugunda kulikonse thabwa linkadya phewa la Thombozi, malaya mpaka kufiira.

A Zuze anali atatchinga chitseko ndi tebulo, mpando, mtondo, ndi apongozi awo atakhala pamwamba. Bokosi linagunda, linagunda, mpaka khoma linayamba kung'aluka.

"A Zuze, tulukani!" anakuwa Thombozi. "Phewa langa latha!"

"Kulibe anthu kuno!"

Gu!

Anatuluka, mwendo wa mbuzi uli m'manja, akupempherera m'zilankhulo zimene sanaziphunzirepo.

Mzere wonse tsopano unali kumbuyo kwa maliro. Anthu anati basi, tipite kumanda. Koma bokosi linabwerera kumapeto, pakanyumba ka a Zidebe eni ake. Apa silinagunde mwaukali ayi. Linangoti go... go... pang'onopang'ono, ngati mwana wochedwa kubwera kunyumba. N'kudikira.

Atsegule ndani? M'nyumbamo munali zidebe zokhazokha.

Go... go...

Ndiye linayamba kulemera. Kulemera! Dothi louma gwaa la mwezi wa Okutobala, koma mapazi a onyamula anayamba kutitimira mpaka m'akakolo. Kamwendo akulira amayi ake. Thombozi msana ukuti tetete, maso atatuluka. Anthu anaona poyera kuti likapitirira, manda a anthu anayi akhala pakhomo pomwepo.

Abiti Sanudi ndiwo ananong'ona: "Akufuna wakwawo atuluke."

"Alibetu wakwawo!" anayankha anthu.

Thombozi anatembenuza khosi movutika. "A Zuze, ikani phewa apa."

"Ine?"

"Inu nomwe, a mitembo ya mbuzi. Msanga!"

A Zuze atangoika phewa, bokosi linamumasula Thombozi. Iye anazungulira kuseri, analowera pazenera, n'kuima m'kati mwa fungo lija, chitseko chili chotseka.

Go... go...

Thombozi anatsegula, anagwada, n'kuwomba m'manja. "Ndamva, achimwene. Ndine mng'ono wanu, ndinali m'nyumba muno. Tiyeni ndikuperekezeni."

Abale anga, bokosi linapepuka ngati dengu la thonje. Chithunzithunzi chachisanu chija chinachoka pakati pa anzake, n'kutsogola chokha panjira ya kudambo, anthu akuchiona ndi maso awa.

Atabwerako kumanda, atasamba m'manja, palibe anafuna kukalowa m'nyumba yekha. Anakhala pabwalo, n'kuyamba kufunsana maina, anthu oti akhala moyandikana zaka ndi zaka. Bungwe lathu la anthu okhala m'dera lino linabadwa tsiku limenelo. Anagwirizana kuti zovuta zikagwa, khomo lililonse lizitulutsa munthu, osafunsa mtundu, osafunsa kopemphera. Wapampando woyamba anali Abiti Sanudi, poti kamawu kaja kankamveka mpaka kudambo. A Zuze anasanduka olengeza maliro, ndipo ankafika msanga mwakuti nthawi zina odwala ankachita kuwabweza: "Sindinafe, a Zuze, bwererani!" Thombozi anakana udindo uliwonse, makani aja, koma anayenda chopendekeka mpaka imfa yake.

Zinazi zinabwera pambuyo. Anthu amene anyamulira limodzi maliro savutika kunyamulira limodzi khasu. Ngalande zija mumadumpha popita kusukulu anakumba ndi a bungwe. Mlatho wa padambo, mpopi wa pamsika, kukakhala pakhomo la akuluakulu a mzinda mpaka atatikonzera msewu, ndi bungwe lomweli.

Koma ntchito yake yoyamba sinasinthe. Mlendo akangolowa nyumba muno, asanamasule n'komwe katundu, a komiti amafika n'kumufunsa: "Zitakuvutani, pakhomo panu adzatsegule ndani?" Akati alibe, amamupatsa m'bale pomwepo, woyandikana naye, akhale Mlomwe, Mtumbuka kaya Msena. Muno munthu sagona wopanda womutsegulira.

Ndiye inu a masiku ano, amene mwamanga mipanda yotalika ngati ndende, mukamva a komiti pageti mumazimitsa wailesi n'kutuma mwana kuti akanene kuti mwachoka, ndikukuonanitu. Tsegulani pamene akugogoda ndi chala. Winayo amagogoda ndi mutu.